Tyre, Mzinda Umene Unalemera ndi Nkhono za M'nyanja

Kummwera kwa dziko la Lebanon, makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Beirut, kuli mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean umene eni ake amautcha Sour. Pamapu umalembedwa kuti Tyre, ndipo owerenga Baibulo amaudziwa ndi dzina lakuti Turo. Masiku ano anthu amafikako pagalimoto, koma kale kunalibe kuchitira mwina koma kukwera bwato, chifukwa mzindawu unamangidwa pachilumba cha thanthwe, mamita pafupifupi 800 kuchokera kumtunda.

Pathanthwepo panalibe minda. Madzi akumwa ankawatunga ku akasupe a kumtunda n'kuwawolotsa pabwato, ena ankasunga a mvula m'zitsime. Komabe anthu otchedwa Afoinike anakhazikika pomwepo kwa zaka zambirimbiri. Wolemba mbiri wachigiriki Herodotus atacheza kumeneko cha m'ma 450 BC, ansembe a kachisi wa mulungu wawo Melqart anamuuza kuti mzindawu unali utatha kale zaka 2,300.

Munda wawo unali nyanja. Chilumbacho chinali ndi madoko awiri, lina kumpoto, lina kummwera, moti zombo zinkapeza pokocheza ngakhale mphepo itembenuke. M'zaka za m'ma 900 BC, mfumu Hiram inakuza chilumbacho pothira miyala m'madzi, ndipo inapangana ndi mfumu Solomon ya Israel. Hiram ankatumiza amisiri ndi mitengo ya mkungudza yomangira kachisi wa ku Jerusalem, yomwe ankaimanga pamodzi n'kuiyandamitsa panyanja mpaka ku Joppa. Malipiro ake anali tirigu ndi mafuta a azitona, chakudya chimene thanthwe silikanatha kubereka.

Koma chimene chinabukitsa mbiri ya Tyre ndi utoto wa chibakuwa. Utotowu unkachokera ku nkhono za m'nyanja zotchedwa murex. Anthu ankaswa chigoba, kuchotsa kachiwalo kakang'ono kokhala ndi madzi ake, kukathira mchere, kenako n'kukaphika pamoto wochepa kwa masiku angapo. Nsalu yonyikidwa m'menemo sinkasuluka ngakhale ichapidwe kapena kuyanikidwa padzuwa. Vuto linali kuchuluka kwa nkhono zofunika. Mu 1909 katswiri wa sayansi Paul Friedländer anaswa nkhono 12,000 n'kupeza utoto wolemera magalamu 1.4 okha. N'chifukwa chake nsalu zotere zinali za mafumu ndi anthu olemera kwambiri. Strabo, wolemba wina wachigiriki, ananena kuti malo onyikira nsalu anachititsa mzindawu kukhala wosasangalatsa kukhalamo, koma ndi omwewo amene anaulemeretsa.

Amalinyero a ku Tyre anafika kutali. Anakhazikitsa Gadir, womwe lero ndi Cádiz ku Spain, potsata siliva. Malinga ndi mbiri yakale, mu 814 BC mwana wamkazi wa banja lachifumu, Elissa, anathawa mlongo wake Pygmalion n'kukayambitsa Carthage m'dziko limene lero ndi Tunisia. Kulikonse kumene ankapita, amalondawa ankanyamula zilembo zawo 22. Agiriki anazitengera n'kuwonjezeramo mavawelo, kenako zinafika kwa Aroma, ndipo zilembo zimene Chichewa chimalembedwera zinachokera mumzere womwewo.

Nyanja inalinso linga lawo. Nebuchadnezzar wa ku Babylon anazinga mzindawu kwa zaka 13 osatha kulowa pachilumbacho. Zinthu zinasintha mu 332 BC pamene Alexander Wamkulu anapempha kukapereka nsembe m'kachisi wa Melqart, eni mzinda n'kumukaniza. Iye analamula asilikali ake kugumula nyumba za kumtunda ndi kuthira miyalayo m'nyanja kuti apange msewu wofika pachilumba. Anthu a ku Tyre anadzaza chombo ndi nkhuni ndi phula, n'kuchiyatsa moto, ndipo chinatentha nsanja zimene adani anamanga pamsewupo. Alexander anakulitsa msewuwo, anasonkhanitsa zombo zochokera ku Sidon, Byblos ndi Cyprus, ndipo patatha miyezi 7 linga la mzindawo linabooledwa. Wolemba mbiri Arrian akuti anthu 8,000 anaphedwa ndipo 30,000 anagulitsidwa ukapolo.

Msewuwo sunachokenso. Mafunde anaunjika mchenga mbali zonse ziwiri mpaka chilumba chinalumikizana ndi mtunda, ndipo nyumba zambiri za mzinda wa lero zili pamchenga umenewo.

Mzindawu unadzukanso m'nthawi ya Aroma. Frumentius, amene anaphunzitsa Chikhristu kubwalo la mfumu ya Aksum ku Ethiopia m'zaka za m'ma 300, anali wochokera ku Tyre. Ankhondo a mtanda ochokera ku Ulaya anaulanda mu 1124, ndipo asilikali a Mamluk a ku Egypt anaugwetsa mu 1291.

Zambiri zimene alendo amaona lero ndi za Aroma: msewu wokhala ndi zipilala ku Al-Mina, chipata chachitali ndi mabokosi a maliro osemedwa pamwala ku Al-Bass, komanso bwalo la mpikisano wa magaleta a akavalo lotalika mamita pafupifupi 480. Bungwe la UNESCO linaika Tyre pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Za Afoinike enieni zambiri zikadali pansi pa nyumba ndi pansi pa madzi. Mu 1997 ku Al-Bass kunapezeka manda awo, ndipo gulu lotsogozedwa ndi María Eugenia Aubet wa ku Spain linafukula mitsuko yambiri yosungiramo phulusa la akufa.

Chuma chimenechi chili pangozi. Zomangamanga zikuchipanikiza, akuba zinthu zakale anachisakazapo m'nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya 1975 mpaka 1990, ndipo mu 2024 mabomba a ndege za Israel anagwa pafupi ndi mabwinjawa. Mu November chaka chomwecho, UNESCO inapereka chitetezo chapadera ku malo 34 a ku Lebanon, ndipo Tyre inali m'gulu limenelo.