BAMBO WA PA SOWETO AMENE AMABISA MIZUKWA M'KATONI

Munthu wolowa mu msika wa Soweto m'mamawa, pamene malole akutsitsa kabichi ndi matimati ndipo anyamata a mawilibala akukuwa kuti apatsidwe njira, sangaganize kuti pakati pa phokoso lonselo wina akuwerenga za mizukwa. Komatu alipo. Ndi bambo wa zaka zoposa 50, wokhala ku Kabwata, amene amagulitsa mabuku akale pafupi ndi amai a salaula. Dzina lao sitichula, ndipo cifukwa cace owerenga athu aciona patsogolopa.

Mabuku amene amawadyetsa ndi a ana a sukulu. Koma kunsi kwa thebulo kuli katoni yomanga ndi cingwe, ndipo zimene ziri m'menemo sizigulitsidwa. Muli Dracula, buku la Bram Stoker la mu 1897. Muli Frankenstein la mu 1818, limene Mary Shelley anayamba kulemba ali ndi zaka 18 zokha. Muli Carrie la Stephen King ndiponso The Rats la James Herbert, onse awiri a mu 1974. Lomalizali likamba za makoswe odya anthu mu mzinda wa London, ndipo aliyense amene anaonapo makoswe a m'ngalande za pa msika angadabwe kuti bambowa amaliwerenga bwanji mapazi ali pansi.

Cizolowezici cinayambira ku mudzi, ku Katete, kumene agogo ao anali kusimba za mfiti zokwera afisi ndi zouluka m'licero. Ana ena anali kufunda kumutu, koma iwo anali kusendera pafupi ndi moto. Atabwera ku Lusaka anaona Christopher Lee pa kanema ali Dracula, mano kunja, ndipo usiku umenewo anayenda pakati peni-peni pa mseu mpaka kunyumba.

Komabe filimu imene amaiika pamwamba si ya Azungu ai. Ndi Living in Bondage, ya ku Nigeria, ya mu 1992, imene anaionera m'kanyumba ka vidiyo m'komboni. Ikamba za mwamuna wopereka nsembe mkazi wace kuti alemere, ndipo mzimu wa mkaziyo sumpatsa tulo. Maganizo ao ndi akuti nyumba ya Dracula iri kutali ku Transylvania, kumene munthu wa ku Kanyama sadzafikako, koma njala ya cuma iri pa khomo lathu lomwe. Pamenepa ife tibvomerezana nao.

Madzulo akatseka malonda amakwera minibasi, ndipo akadya nsima amaonera filimu pa foni, timawaya tiri m'makutu, pakuti amai a kunyumba analetsa kukuwa kwa mizukwa pabalaza. M'caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri, anabwerera ku mabuku ndi kandulo. Akuti ndico caka cimene mabukuwo anakoma koposa.

Nanga katoni ibisidwiranji? Dziko la Zambia linalengezedwa kukhala la Cikristu mu December 1991, ndipo m'zaka zotsatira mphekesera za olambira Satana zinafala m'makomboni. Tsiku lina mai wofuna buku la masamu anaona cikuto ca cigaza ndi magazi. Sabata isanathe, mbiri inali itamveka yakuti bambo wa mabuku ali ndi zace, ndipo makolo anayamba kulambalala thebulo lao. Akulu a mpingo atabwera kudzafunsa, iwo anatsegula Dracula nawaonetsa kuti cirombo ca m'bukumo cimathawa mtanda. Akuluwo anapita okhutira, koma ogula anatenga miyezi kuti abwerere.

Nkhani yotere si yoseketsa kuno kwathu. M'masiku a Northern Rhodesia kunali mbiri ya banyama, anthu onenedwa kuti amagwira anzao ndi kuwacotsa magazi, ndipo inakula kwambiri pamene Federation inali kukambidwa, cisanafike caka ca 1953. Ku Malawi mu 2017 anthu anaphedwa ku Mulanje ndi madera oyandikira powaganizira kuti ndi anamapopa. Kuno, kuciyambi kwa 2020, mantha a anthu opopera mpweya woipa m'nyumba, amene anayambira ku Chingola, anacititsa kuti makamu aphe anthu ambiri popanda mlandu kuzengedwa. Miyezi imeneyo bambowa ananyamula katoni yao pa msika naiika kunsi kwa bedi. Lamulo la Witchcraft Act, limene linakhazikitsidwa mu 1914, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma khamu likanyamula miyala silifunsa za lamulo.

Ncifukwa cace filimu ya Rungano Nyoni, I Am Not a Witch, ya mu 2017, anaionera kamodzi kokha. Mulibe mzukwa m'menemo. Muli kamtsikana kochedwa Shula, konamiziridwa ufiti ndi kumangiriridwa ku nsalu yaitali yoyera. Mai Nyoni, amene anabadwira mu Lusaka, analandira mphoto ya BAFTA mu 2018 cifukwa ca filimuyi. Bambo amene amagona bwino-bwino ataonera The Exorcist akuti usiku umenewo tulo sanatione.

Lero katoni inabwerera pa msika. Anyamata atatu kapena anai amabwereka mabukuwo, koma lamulo ndi lakuti buku licoke litakutidwa ndi pepala la khaki, ndipo lisawerengedwe m'minibasi. Cimene cikuwasowetsa mtendere tsopano ndi The Shining la Stephen King, la mu 1977, limene analipeza masamba omalizira atathothoka. Aliwerenga katatu. Filimu yace ya mu 1980 anaiona, koma anamva kuti mathero ace ndi osiyana ndi a m'buku, motero katundu wa mabuku akafika iwo amayamba kufukula pansi.