Nkhani zonse m'dengu limodzi

Munthu akadzuka m'mawa n'kugwira foni, ulendo umayamba: Facebook, kenako YouTube, kenako masamba a nyuzipepala awiri atatu. Pomwe tiyi akupsa, bandulo yadyeka ndithu, koma nkhani yomwe ankafuna sanaione. Vuto limeneli lili ndi mankhwala ake. Pali mapulogalamu omwe amayendera malo onsewo m'malo mwa munthu, n'kututira zatsopano m'dengu limodzi.

Ambiri mwa mapulogalamuwa amadalira RSS, njira yomwe kampani ya Netscape inayambitsa mu 1999. Tsamba la pa intaneti limasunga mndandanda wa zomwe langotulutsa kumene, ndipo pulogalamu imakasuzumirako pafupipafupi n'kubweretsa mutu wa nkhani, tsiku lake ndi ndime zoyamba. Ubwino wake waukulu ndi wakuti wowerenga amasankha yekha oti aziwamva, ndipo nkhani zimatha kusanjidwa motsata nthawi yomwe zatuluka, osati momwe kampani yotsatsa malonda yafunira.

Kuyamba kwake n'kosavuta. Munthu amatsitsa pulogalamu monga Feedly kapena Inoreader pa foni, amalembetsa ndi imelo, n'kulemba adiresi ya tsamba lomwe amalikonda m'kabokosi kofufuzira. Likapezeka, amadina batani lotsatira, basi. Matchanelo a YouTube amalowanso, chimodzimodzi maakaunti a Mastodon. Masamba ambiri omangidwa ndi WordPress amangofuna kuwonjezera /feed kumapeto kwa adiresi.

Feedly yaulere imalola malo okwana 100, koma apa m'pomwe oyamba kumene amakodwa. Amadzaza onse tsiku limodzi, ndipo pakutha sabata nkhani zosawerengedwa zachuluka ngati madeya, mtima wagwa. Malo khumi ndi okwanira poyamba: a ulimi pawokha, a mpira pawokha, a ntchito pawokha.

Si zonse zimalowa m'dengumu. Zokambirana za pa WhatsApp n'zotsekedwa, ndipo Twitter inasiya kupereka RSS mu 2013. Makampani akuluakulu amafuna munthu azikhala pabwalo lawo, poti ndi pomwe pali malonda.

Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti mapulogalamuwa amafa. FriendFeed, yomwe inayambitsidwa mu 2007 ndi anthu omwe kale ankagwira ntchito ku Google, inkasonkhanitsa zolemba za abwenzi kuchokera m'malo ochezera osiyanasiyana. Facebook inaigula mu 2009, ndipo inaitseka mu 2015. Google Reader, pulogalamu ina yowerengera RSS, nayo inatsekedwa pa 1 Julayi 2013, ndipo anthu miyandamiyanda anathawira ku Feedly.

Omwe anasamuka mosavutika nthawi imeneyo anathandizidwa ndi kafayilo kotchedwa OPML, komwe kamasunga mndandanda wa malo onse omwe munthu amatsatira. Feedly ndi Inoreader onse amalola kukatulutsa, ndipo kamachepa moti kamatumizika pa imelo mosawononga bandulo. Pulogalamu ina ikalandira kafayiloko, malo onse amabwerera m'mafoda awo momwe analili.