Anthu ofufuza ubale wa ma class

Pulogalamu yaikulu ya banki kapena ya kampani ya mafoni sailemba munthu mmodzi. Imadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ena mwa iwo anasiya ntchito kalekale, ndipo amene watsala nayo amatha masiku akuwerenga za anzake asanaonjezepo ngakhale mzere umodzi. Chimene amafufuza kawirikawiri ndi ubale: class iyi inachokera kwa iti, nanga inalonjeza kuchita chiyani?

Class ndi ndondomeko yonena zimene chinthu chili nazo ndi zimene chimatha kuchita. Class ina ikhoza kutengera zonse za inzake n'kuonjezapo zake. Eni ntchito amangoti kholo ndi mwana. Nzeruyi inayambira ku Oslo, kumene Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard anapanga chinenero cha Simula 67. Interface ndi nkhani ina: ndi mndandanda wa malonjezo, ndipo class imene yauvomera iyenera kuwakwaniritsa. Java, imene inatuluka ku Sun Microsystems mu 1995, imalola kholo limodzi lokha koma ma interface ochuluka, pamene C++ ndi Python zimalola makolo angapo. Makolo awiri akakhala ndi malangizo osiyana pa chinthu chimodzi, mwana amvere uti? Poyankha funso limeneli, Python inayamba kutsatira lamulo lotchedwa C3 mu 2003.

Zida zofufuzira n'zochepa. Wa Java amafunsa ndi instanceof, wa Python ndi isinstance kapena issubclass, wa PHP ndi is_subclass_of kapena class_implements. Koma chilichonse chili ndi kamsampha kake. Mu Python, ukafunsa ngati True ndi nambala ya mtundu wa int, yankho ndi inde, chifukwa True ndi wa mtundu wa bool, ndipo bool ndi mwana wa int. Mu Java muli isAssignableFrom, imene imafuna kholo kumanzere ndi mwana kumanja. Ngakhale akatswiri amatembenuza, pulogalamu n'kumayenda bwinobwino koma ikuyankha zabodza.

Amene amadalira kwambiri zida zimenezi ndi olemba ma framework, mapulogalamu amene ena amamangirapo awo, monga Spring. Iwowa sadziwa ma class amene ena adzalembe chaka chamawa, choncho pulogalamu yawo iyenera kufunsa yokha ikamayenda. Kwa olemba mapulogalamu wamba zinthu n'zosiyana. Wowunika ntchito ya anzake akapeza instanceof atandandalika pamizere khumi, amabweza ntchitoyo, ndipo ine ndili kumbali yake. Ngati uyenera kufunsa chinthu chilichonse kuti ndi cha mtundu wanji usanachitume, ndiye kuti mibadwo yake inayalidwa molakwika.

Chifukwa chake anachifotokoza Barbara Liskov wa ku MIT mu 1987: mwana ayenera kugwira ntchito paliponse pamene kholo likanagwira, popanda womutuma kudabwa. Tiyerekeze kuti pali class ya akaunti, imene imalola kusungitsa ndi kutapa ndalama. Wina n'kulemba mwana wake, akaunti yotsekera ndalama kwa chaka, imene imakana kutapa. Ukafunsa ndi instanceof, yankho ndi loti imeneyi ndi akaunti ndithu. Koma gawo la pulogalamu lodula ngongole mwezi ndi mwezi likafika pa iyo, limagwa. Zili ngati chiwongo: kudziwa kuti munthu ndi Phiri sikukuuza ngati adzabweza ngongole. Kompyuta imatha kutsimikiza mzere wobadwira, koma khalidwe amalitsimikiza ndi oyesa mapulogalamu, amene amalemba mayeso oika mwana aliyense pamalo a kholo n'kuona chimene chichitike. Ntchito yawo siionekera, ndipo anthu amaikumbukira tsiku limene zinthu zasokonekera.

Mu 1994 buku la Design Patterns, la Erich Gamma ndi anzake atatu, linalangiza kuti kulumikiza zinthu zing'onozing'ono kumaposa kutalikitsa mibadwo. Chinenero cha Go, chimene Google inatulutsa mu 2009, chinachotseratu kutengera kwa ma class n'kusiya ma interface, omwenso chinthu sichifunika kulengeza kuti chawavomera: chimene chili ndi zonse zolonjezedwa chavomerezedwa basi. Komabe mabanki sanataye mapulogalamu awo a Java, ndipo mu 2021 Java 16 inafupikitsanso kalembedwe ka instanceof, kuti amene akukonza mapulogalamu akalewo asamalembe dzina la class kawiri.