MATABWA APITA KU LUSAKA, ZITSA ZITSALA KU MINGA

Munthu woima pa Minga Stop, m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Chipata kunka ku Lusaka, safunika kuuzidwa kuti mitengo ndi cuma. Adzionera yekha. Malole adutsa usana ndi usiku, ena atasenza makala mpaka pamwamba, ena matabwa, enanso zipika zofunditsidwa matenti. Kuyambira ku Kacholola, kupyola pa Nyimba kufikira pa mphambano ya ku Petauke, matumba a makala aimikidwa m'mizere kuyembekeza ogula. Cuma conseci cituluka m'nkhalango za dziko la Ansenga. Koma pa ndalama zonse zimene mtengo umodzi ubala, ndi zingati zimene zitsala m'mudzi umene mtengowo unamera? Ili ndi funso loyenera kufunsidwa pa bwalo la mfumu iliyonse m'maboma a Petauke ndi Nyimba.

KUMENE NCHITOYI INAYAMBIRA

Nchito ya matabwa m'Zambia ndi yakale kuposa ufulu wa dziko. Kampani ya Zambezi Sawmills ya ku Livingstone inali kuceka mitengo yolimba ya mukusi, imene matabwa ake anali kuyalidwa pansi pa njanji, ndipo m'zaka za m'ma 1920 inamanga njanji yakeyake yonka ku Mulobezi kuti izitutira zipika. Pambuyo pake migodi ya mkuwa itakula ku Copperbelt, inafuna mitengo yambirimbiri yocirikizira denga la mgodi kuti lisagwere anthu okumba pansi. Nkhalango zacilengedwe zozungulira migodi zinayamba kupepuka, ndipo akatswiri anaona kuti mitengo ya m'chire, imene ikula pang'onopang'ono, siingathe kukwanira.

Ndico cifukwa cake m'zaka za m'ma 1960 Boma linayamba kulima minda ikuluikulu ya mitengo ya paini ndi bulugamu, mothandizidwa ndi ngongole ya World Bank ya mu 1968. Mu 1982 nchitoyi inaperekedwa m'manja mwa kampani ya Boma yochedwa ZAFFICO. Minda yake ya ku Ndola, Chati, Lamba ndi Ichimpe ikwana mahekitala pafupifupi 50,000, ndipo inatsegulanso ina ku Kawambwa ndi ku Shiwang'andu. Mu 2020 magawo ena a kampaniyi anagulitsidwa kwa anthu wamba pa msika wa magawo a makampani ku Lusaka, Boma nilitsala ndi gawo lalikulu.

Mitengo ya m'minda imeneyi ndiyo isanduka mapolo onyamula mawaya a magetsi, mitanda ya madenga a masukulu ndi matabwa omangira nyumba m'matauni. Cofunika kucizindikira ndi cakuti mtengo wa paini umodzi udyetsa anthu ambiri usanafike pa denga. Pali wofesa mbewu ku nazale, wobzala, wopalira, wolambula njira zochinga moto, wodula, woyendetsa lole, woceka pa makina, wogulitsa pa msika, ndipo potsiriza mmisiri. Onsewa alandira malipiro pa mtengo womwewo. Paini afuna zaka pafupifupi 25 kuti akhwime, motero kampani yoiwala kubzala lero idzasowa codula ana a lero atakula.

Lipoti la bungwe la United Nations loona za cilengedwe, lofalitsidwa mu 2015, linawerengera kuti mu 2010 nkhalango zinapatsa dziko lino cuma cokwana magawo 4.7 pa 100 alionse, ndi kuti anthu oposa miliyoni imodzi anali kupeza nchito kapena cakudya kucokera m'nkhalango. Ambiri a iwo sali m'makampani ai. Ali m'midzi monga ya ku Minga.

MACEKA A M'MUDZI

Ku Petauke ndi ku Nyimba kulibe minda ikuluikulu ya paini yonga ya ku Copperbelt. Cuma ca kuno ndi mitengo yacilengedwe: mlombwa, umene ena auchula mukwa, msambamfumu kapena mupapa, mbawa ya m'mbali mwa mitsinje, ndi mitengo ya miombo imene yakuta mapiri otsikira ku cigwa ca Luangwa. Ina ili m'nkhalango zosungidwa ndi Boma, monga za Minga ndi Mvuvye, koma yambiri ili pa malo a mafumu.

Kwa zaka zambiri matabwa a kuno anali kucekedwa ndi manja. Amuna awiri akumba dzenje kapena kumanga thandala, nagubuduzirapo cipika. Atenga cingwe coviika m'makala osinja, nacikoka ndi kucimenyetsa pa cipikaco kuti cisiye mzere wowongoka. Tsono mmodzi akwera pamwamba, mnzake atsikira pansi, ndipo akokerana maceka aatali kuyambira mmamawa kufikira dzuwa litapendeka, utuci ukugwera m'maso mwa wapansiyo. Ndi nchito yowawa, koma inali ndi ubwino wake. Inali kudya mitengo pang'onopang'ono, ndipo matabwa ambiri anali kuthera pafupi, kwa mmisiri wopanga zitseko, mipando, mabedi ndi ngolo.

Makina odulira a petulo atafala, zinthu zinasintha. Mtengo umene unali kutenga amuna awiri masiku angapo tsopano ugwa ndi kuduladulidwa dzuwa lisanafike pamutu. Wogula abwera ndi lole kucokera ku tauni, nachula mtengo wake wa ndalama, ndipo mwini mudzi, amene ali ndi mwana wodwala kapena afuna thumba la feteleza, avomera. Matabwawo akafika pa msika wa Buseko ku Lusaka, kapena m'manja mwa amisiri a ku Kalingalinga, asanduka zitseko ndi makabati a ndalama zoposa kutalitali zimene wodula analandira. Kusiyana kumeneko ndiko malipiro a oceka, opala ndi okhoma, ndipo malipirowo alandiridwa ku Lusaka, osati ku Minga. Mtengo ukacoka m'mudzi uli cipika, nchito icokera nawo pamodzi.

PHUNZIRO LA MUKULA

Palibe cinaonetsa zimenezi poyera koposa malonda a mukula. Mtengo wofiira m'katiwu sunali wochuka kwenikweni m'midzi kufikira pamene amalonda anayamba kuufuna kuti autumize ku China, kumene apangira mipando ya anthu olemera. Kuyambira ca m'ma 2012 malondawa anafalikira m'zigawo zingapo, ndipo anafikanso m'mapiri a Cigawo ca Kum'mawa. Anyamata ambiri anasiya makasu nalowa m'chire, kusenza zipika zolemera pa mapewa kuzitsitsa m'mapiri kumene lole singafike. Ena anavulala misana ndi miyendo, ndipo zimene anali kulandira pa cipika cimodzi zinali zocepa zedi.

Kafukufuku wa bungwe la CIFOR wofalitsidwa mu 2018 anapeza cinthu codabwitsa. M'caka ca 2016, mabuku a Zambia anaonetsa kuti dziko linatumiza ku China zipika zokwana makyubiki mita pafupifupi 3,000, za mtengo wa madola 900,000. Koma mabuku a China anaonetsa kuti m'caka comweco analandira kucokera ku Zambia makyubiki mita pafupifupi 61,000, a mtengo wa madola 87 miliyoni. Zipika zambiri zinatuluka zitalembedwa ngati matabwa ocekaceka, kapena zosalembedwa konse. Motero wodula anadyeredwa, thumba la dziko linataya msonkho, ndipo phiri linatsala ndi zitsa.

Boma linaletsa kudula mukula mu 2014, nilitsegulanso, nililetsanso mu 2017, ndipo ZAFFICO inapatsidwa nchito yogulitsa zipika zolandidwa. Mu 2019, pa msonkhano wa maiko wa CITES ku Geneva, dziko la Malawi linapempha kuti mukula uikidwe pa mndandanda wa mitengo yosatuluka m'dziko popanda cikalata capadera, ndipo pempholo linavomerezedwa. Mu 2022 ku Panama, mlombwa, msambamfumu ndi mbawa za mu Africa zinaikidwanso pa mndandanda womwewo. Malamulowa anafika mitengo yambiri itagwa kale. Akatswiri anena kuti mukula ufuna zaka 80 kapena 90 kuti ukhwime, kutanthauza kuti wodula lero sadzaona wina wotere pamalopo, ngakhale mwana wake. Madzi akatayika saoleka.

MAKALA NDI MITSINJE

Mukula unali mphepo ya zaka zowerengeka, koma makala ndi a tsiku ndi tsiku. Mabanja ambiri a m'matauni aphikira pa mbaula, ndipo Lusaka ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 okha kucokera ku Petauke, pa mseu wa tala. Cilala ca mu 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale caka cimeneco, cinakantha mbali ziwiri. Madzi atacepa ku Kariba magetsi anasowa, ndipo a m'tauni anafuna makala ambiri. Cimanga citauma m'minda, a m'midzi anasowa pogwira kupatula nkhwangwa. Palibe angadzudzule kholo lowocha makala kuti ana adye. Koma uvuni wofocera ndi dothi umwaza nkhuni zambiri: pa makilogalamu 100 a zipika, makala otuluka kawirikawiri sapitirira makilogalamu 25. Zina zonse zipita ndi utsi.

Kawerengedwe ka nkhalango za dziko lonse ka mu 2008 kanaonetsa kuti Zambia inali kutaya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a mitengo caka ciliconse, cifukwa ca kutsegula minda yatsopano, makala, moto wa m'chire ndi kudula matabwa. Mlimi wa ku Minga alibe nazo nchito ziwerengero kuti adziwe zotsatira zake. Mizu ya mitengo ndiyo igwira dothi ndi kulowetsa madzi a mvula pansi. Phiri likametedwa, mvula ithamanga pamwamba, nikokolola nthaka ya m'minda ndi kukwirira mitsinje ya Mvuvye, Nyimba ndi Msanzala ndi mcenga umene utsikira ku Luangwa. Zitsime ziphwa msanga, madimba auma, ndipo amai ayenda mtunda wautali kufuna madzi ndi nkhuni. Bowa, masuku, uci, mphalabungu ndi mankhwala a makolo, zonse zimene banja linali kutola kwaulere, zithera pamodzi ndi mthunzi.

KHOMO LIMENE LAMULO LINATSEGULA

Pansi pa lamulo la nkhalango la mu 1973, mitengo inali m'manja mwa Boma lokha, ndipo munthu wa m'mudzi anali kuona wolondera nkhalango ngati mdani. Lamulo latsopano la mu 2015, pamodzi ndi malangizo ake a mu 2018, linasintha zimenezi. Tsopano anthu a m'midzi angathe kupanga gulu, kusankha nkhalango yawo ndi kuika malire ake, ndipo mfumu ikavomereza, apempha Dipatimenti ya Nkhalango kuti iwazindikire. Akasainirana cipangano, gululo likhala ndi mphamvu yoyang'anira nkhalangoyo, kuika alonda ake, kupereka zilolezo ndi kusunga ndalama zotulukamo kuti zitukule mudzi.

Dera lino silili lacilendo pa nchito zotere. Kuyambira 2012 mpaka 2014 a CIFOR anagwira nchito ndi anthu a m'midzi ya Nyimba kuyeza ndi kuwerenga mitengo yawo. M'maiko a mafumu Luembe, Nyalugwe ndi Sandwe muli nkhalango zimene anthu alandirapo ndalama cifukwa ca kuzisunga zili ciimire, pansi pa nchito ya BioCarbon Partners. A COMACO aphunzitsa alimi kuweta njuci m'ming'oma yamakono ndi kubzala mitengo ya gilisidiya m'minda kuti nthaka ibwerere m'cimake.

Msika wa matabwa nawonso uli pafupi. Maphunziro aulere atayamba mu 2022, ana anadzaza m'makalasi ndipo madesiki anacepa. M'caka comweco thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo Boma linalimbikitsa kuti madesiki azipangidwa ndi amisiri a m'deralo. Gulu la amisiri lolembetsedwa, logula matabwa odulidwa ndi cilolezo, lingathe kupikisana nawo pa nchito zotere. Pamenepo mtengo womera ku Minga ucekedwa ku Minga, upalidwa ku Minga, ndipo mwana wa ku Minga ndiye akhalapo polemba mayeso.

Izi sizicitika zokha. Zifuna kuti mfumu ndi anyakwawa akane kusaina kalata ya mlendo wodula anthu asanakambirane pa bwalo. Zifuna kuti wodula atenge cilolezo codulira ndi conyamulira ku ofesi ya nkhalango ku Petauke kapena ku Nyimba, cifukwa matabwa opanda zikalata agulitsidwa mobisa, ndipo cogulitsa mobisa cigulidwa mochipa. Zifuna kuti udzu uzitenthedwa msanga, mvula itangotha, moto usanakhale waukali, ndi kuti zitsa zophuka zizisiyidwa nthambi ziwiri kapena zitatu zolimba, pakuti miombo iphukanso yokha ikapanda kupsa caka ndi caka. Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi silingasunge phiri pamene mudzi wonse ulidula.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko lino iyamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Januwale, nthaka ili yonyowa. Alangizi a za nkhalango ku maboma onse awiri angathe kulangiza mlimi mbewu yoyenera malo ake ndi kafesedwe kake. Bulugamu wobzalidwa kutali ndi mtsinje apatsa milimo ndi mapaso mwana wa giredi 1 asanamalize sukulu ya pulaimale. Mbawa ndi mlombwa zicedwa, ndipo wobzala mwina sadzaziceka yekha. Adzaziceka mdzukulu wake, monga momwe oceka a lero adulira mitengo imene makolo awo anaisiya ili ciimire.