Kukaona Mathithi a Mosi-oa-Tunya pa Njinga ya Olumala

Alamu anga anavulala msana pa ngozi ya pamsewu, ndipo chiyambire pamenepo amayenda pa njinga ya olumala. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Kodi alamu, munthu wonga ine angathe kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya?" Ndinawayankha kuti angathe, malinga tikonzekere bwino. Tinabwereka galimoto yokhala ndi bedi, pophikira ndi chimbudzi m'kati mwake, ndi kunyamuka. Zimene tinaphunzira pa ulendowo ndi zimene ndifuna kugawana nanu owerenga.

Mathithi amenewa ali pa mtsinje wa Zambezi, m'malire a Zambia ndi Zimbabwe. M'lifupi mwake ndi mamita oposa 1,700, ndipo pena madzi amagwa mamita 108. David Livingstone anawaona mu 1855 nawatcha Victoria Falls, koma eni dera anali atawatcha kale Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi umene umagunda.

Choyamba ndicho kusankha nyengo. Kuyambira Marichi mpaka Meyi mtsinje umakhala wodzaza, ndipo nthunzi ya madzi imagwa ngati mvula pa njira zonse. Mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kwambiri, ndipo mbali ya Zambia madzi amachepa mpaka miyala kuonekera. Ife tinapita m'nyengo yachisanu, madzi akadali ambiri koma dzuwa lisanakwiye.

Tinasankha mbali ya Zimbabwe, kumene njira yaikulu ndi yowaka ndiponso yosatsetsereka kwambiri. Ngakhale zili tero, malo ena oonerapo ali ndi masitepe, ndipo amenewo tinangowapitirira. Pamene pali ponyowa pamaterera. Choncho wokankha asasiye njinga, ndipo mukaima mangani mabuleki.

Koma mdani wamkulu wa munthu wovulala msana pa ulendo wotere si phompho ayi, ndi chilonda cha pakhungu. Munthu akakhala malo amodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pa khungu limene lapanikizika, ndipo popeza iye samva kupweteka, khungulo limawonongeka mwini wake osadziwa. Khungu lonyowa limanyuka msanga koposa louma. Chifukwa chake alamu anga ankadzinyamula pampando pakapita mphindi 15 mpaka 30, ndipo mtsamiro wawo tinauteteza ndi pulasitiki. Apa ndi pamene galimoto ija inatithandiza koposa: titangotuluka kumathithi anavula zonyowa, nadzipukuta, nagona chammbali pabedi. Madzulo aliwonse ankaona khungu lawo pa kalilole. Mukaona malo ofiira amene sakuzimirira, musakhalirenso pamenepo kufikira atachira.

Chachiwiri ndi madzi akumwa. Olumala ambiri amadzimana madzi pa ulendo poopa kusowa chimbudzi cholowa njinga. Kutero kumabweretsa matenda a m'chikhodzodzo. Pokhala ndi chimbudzi m'galimoto, palibe chifukwa chodzimana. Koma madzi a m'thanki ya galimoto awiritsidwe kapena athiridwe kolorini asanamwedwe. Zonyansa za m'chimbudzicho zikatayidwe pa malo okhawo amene akonzedwera ntchito imeneyi, osati kutchire kapena mumtsinje, chifukwa umo ndi mmene kolera ndi likodzo zimafalira kwa anzathu okhala kumunsi.

Chachitatu ndi malungo, amene m'chigwa cha Zambezi ndi ofala. Musananyamuke, onanani ndi achipatala za mankhwala oteteza. Gonani m'masikito ngakhale muli m'galimoto, ndipo mukamva kutentha thupi mutabwerako, kayezetseni magazi tsiku lomwelo. Kumbukiraninso kuti mbaula ya makala m'galimoto yotseka mazenera imapha anthu ali m'tulo.

Titafika moyang'anana ndi mathithi aakulu, alamu anga anakhala chete nthawi yaitali, nkhope ili chonyowa. Kenaka anati, "Alamu, ndawaona ndi maso angawa." Tinabwerera kwathu khungu lawo lili bwinobwino, wopanda malungo.

Kodi m'banja mwanu muli wina amene mumamusiya pakhomo pomwe ena akupita kukaona dziko? Tiyeni tisiye chizolowezi chimenechi. Konzekerani bwino, samalani ukhondo, ndipo mumutenge.