Mlendo wa Thumba Lopepuka m'Mzinda wa Yogyakarta

Mwezi uno tiyeni ticoke pang'ono m'midzi mwathu, tioloke nyanja yaikuru ya kum'mawa, tikaone umo mlendo wosauka apezera cakudya m'dziko la Indonesia. Pakuti munthu wa pa ulendo, ngakhale apite kuti, nkhawa yace yoyamba ndiyo ya m'mimba. Kamba wa kunyumba sakhalitsa. Akatha, mlendo ayenera kudya za eni dziko, pa mtengo umene thumba lace lilola, ndipo akapanda kucenjera angathe kutaya ndarama zace, kapena moyo wace umene.

Mzinda wa ophunzira

Indonesia ndi dziko la zisumbu zoposa 17,000, ndipo pa kalembera wa caka ca 2020 anawerengamo anthu 270 miliyoni. Oposa theka la anthu amenewa akhala pa cisumbu cimodzi cochedwa Java, ndipo pa cisumbu comweco, cakumwera kwa phiri lamoto la Merapi, pali mzinda wa Yogyakarta, umene eni ace aucha Jogja. Ufumu wace unayamba m'caka ca 1755. Mfumu yace aicha Sultan, ndipo Hamengkubuwono X analowa ufumuwo m'caka ca 1989.

Mzinda umenewu uli ndi mbiri ya sukulu. Sukulu yaikuru ya Gadjah Mada inatsegulidwa m'caka ca 1949, ndipo pambuyo pace zinabuka zina zambiri, kotero kuti anyamata ndi asungwana a ku zisumbu zakutali amadza kudzaphunzira kumeneko. Tsono mwana wa sukulu, monga mudziwa inu makolo, sakhala ndi cuma. Cifukwa cace ophika a mumzindamo anazolowera kuyambira kale kugulitsa cakudya cokhutitsa pa mtengo wocepa, ndipo mlendo apindula nao mwambo umenewo.

Ndarama ya dzikolo ndiyo rupiah. Mlendo asaopsedwe pakumva mitengo ya zikwi zikwi, pakuti m'caka ca 2024 dola imodzi ya ku America inali kusinthidwa ndi rupiah ngati 16,000.

Kangolo ka madzulo

Dzuwa likapendeka, m'mbali mwa miseu muyamba kuoneka tingolo tamatabwa tokankha ndi manja, tofoleredwa ndi lona, tokhala ndi nyali imodzi ndi mipando yaitali. Malo otere dzina lace ndi angkringan. Ambiri mwa oyamba nchito imeneyi anacokera ku dera la Klaten, pakati pa Yogyakarta ndi Solo, ndipo kale anali kusenza katundu wao pa mtengo wa paphewa, dengu kutsogolo, lina kumbuyo. Pa kangolopo pali mbaula ya makala, ndipo pa mbaulapo pakhala maketulo a madzi otentha, ndi a tiyi, ndi a jinja.

Cakudya ceniceni ca pa angkringan ndico nasi kucing, ndiko kunena kuti mpunga wa mphaka. Anacicha dzina lotere cifukwa ca kucepa kwace: mpunga wosadzaza dzanja, katsabola wosinja, ndi tinsomba touma tonga usipa, zonse zokulunga m'tsamba la nthoci ndi pepala. M'caka ca 2024 kaphukusi kamodzi kawiri kawiri sikanali kupitirira rupiah 5,000. Mwamuna wanjala adya tiwiri kapena titatu. Pambali pa timaphukusito pali mbale za ndiwo zotunga pa timitengo: matumbo a nkhuku, mazira a zinziri, mitu ndi zipalapaso za nkhuku, ndi zokazinga za mitundu mitundu. Mlendo asankha cimene afuna, napatsa mwini kangolo kuti acifunditse pa makala. Ndipo kutero ndi nzeru, pakuti ndiwo zimenezo zinaphikidwa masana.

Koma cinthu cozizwitsa ndi ici: pa angkringan palibe woyang'anira mbale. Munthu akhala pansi, natenga yekha, nadya, naceza ndi anzace kufikira usiku. Ndipo pofuna kucoka achula yekha zonse anadyazo, nati, Mpunga uwiri, mazira kamtengo kamodzi, tiyi mmodzi. Mwini kangolo nawerenga mtengo monga mwa mau a wodyayo. Wopalasa njinga ya matola, mlembi wa m'boma, ndi mwana wa sukulu akhala pa mpando umodzi, nalipira monga momwemo. Phindu la mwini kangolo pa kaphukusi kamodzi liri laling'ono ndithu, kotero kuti wobisa mazira awiri wamlanda thukuta la timaphukusi tambiri. Mlendo awerenge timitengo tace, nachule tonse.

Za m'mawa ndi za masana

M'mamawa mlendo afune malo ochedwa burjo, kumene aphika phala la mphodza lothira mkaka wa kokonati ndi shuga wofiira. Ambiri mwa eni malowa ndi anthu a ku Kuningan, kumadzulo kwa Java, ndipo ena satseka usana ndi usiku, cifukwa ca ophunzira owerenga mpaka tambala.

Cakudya cimene mzindawu unachuka naco ndico gudeg. Atenga cipatso cacikuru ca mtengo wa nangka cisanapse, naciduladula, naciphika pa moto wozirala maora ambiri pamodzi ndi mkaka wa kokonati ndi shuga wofiira, naikamo masamba a mtengo wa jati kuti cifiire. Cikapsa cioneka ngati nyama yofewa, ndipo citsekemera, kotero kuti pakamwa pozolowera mcere padabwa tsiku loyamba. Acidya ndi mpunga, ndi dzira, ndi cikopa ca ng'ombe cophika ndi tsabola. M'mseu wa Wijilan, pafupi ndi nyumba ya Sultan, muli nyumba zambiri zogulitsa gudeg. Koma wa thumba lopepuka agule kwa amai okhala pansi ndi miphika yao m'mbali mwa mseu m'mawa, ndipo apemphe wa dzira, pakuti nkhuku ndiyo ikweza mtengo.

Ku msika waukuru wa Beringharjo ndi m'misika yina mlendo apeza pecel, ndiwo zamasamba zofutsa zothira msuzi wa mtedza wosinja ndi tsabola. Amai odziwa kutendera adzacizindikira msanga cakudya cimeneci. Kusiyana kwace ndi kwakuti iwo aphika masamba pa okha, nathira nsinjirozo pamwamba pogawa. Madzulo aliponso pecel lele, ndiye mlamba wokazinga wodyera mpunga ndi tsabola, ndipo m'malo ambiri odya akhala pa mkeka, napinda miyendo patsogolo pa tebulo lalifupi.

Nyama ya wosauka

Tinene pang'ono za tempe, pakuti iye ndiye asunga osauka a ku Java. Apangidwa ndi soya, yemweyo amene ambiri a ife tilima. Abviika soya, namcotsa makoko, namphika, namuumitsa pang'ono. Atatero amsakaniza ndi mbeu ya nguwi yoyera ya mtundu wace, imene anzeru aicha Rhizopus, namkulunga m'masamba a nthoci. Patapita masiku awiri nguwiyo yamanga nyemba zonse pamodzi, zasanduka cigumu coyera colimba, cimene aceka, nakazinga. Cipatsa thupi mphamvu yonga ya nyama, koma mtengo wace ucepa kutali. Koma asayese munthu kuumbitsa soya ndi nguwi iri yonse ya m'nkhokwe, pakuti nguwi zina ziri ndi ululu wakupha. Iwo a ku Java asunga mbeu yaceyace ya nchitoyi. Mnzace wa tempe ndiye tahu, wopangidwa ndi mkaka wa soya woundana. Mlendo wodya mpunga, ndi masamba, ndi ziwirizi pa kanyumba kodyeramo kochedwa warung, akhuta tsiku lonse, ndarama zace zikali m'thumba.

Safunsa anadya phula

M'mizinda yonse ya Indonesia muli nyumba zodyeramo za anthu a mtundu wa Minangkabau, a kumadzulo kwa cisumbu ca Sumatra, zochedwa za Padang. Muzizindikira ndi mbale zosanjikizana pa zenera. M'nyumba zazikuru za mtundu umenewu, mlendo akangokhala pansi, mnyamata adza ndi timbale tambirimbiri, nayala tonse pa tebulo. Wosadziwa ayesa kuti ndi ufulu wa eni nyumba, nalawa pano ndi apo. Koma mwambo wace ndi wakuti mbale iri yonse imene waikhudza uilipira. Wocenjera aima pa zenera, naloza ndiwo imodzi kapena ziwiri, ndipo akanena kuti bungkus, ndiko kuti mundikulungire, kawiri kawiri amuikira mpunga wocuruka koposa wa pa tebulo.

Mseu wochuka wa mumzindamo ndiwo Malioboro, kumene alendo onse athamangira. M'mwezi wa February 2022 boma linasamutsa ogulitsa a m'mbali mwa mseuwo, niliwapatsa malo ena ochedwa Teras Malioboro. Pamene pacuruka alendo mtengo ukwera, monga kuli konse. Ndipo akhalapo ena amene anadya osafunsa, nalira polipira. Cifukwa cace mlendo ayang'ane ngati mitengo yalembedwa pa khoma, ndipo ikapanda kulembedwa afunse asanadye, nati, Berapa? ndiko kuti, Zingati? Akapatuka miseu iwiri kapena itatu, nalowa kumene adya ophunzira ndi anchito, apeza cakudya comweco pa mtengo wa eni mudzi. Ndiponso malo odzaza anthu ali ndi ubwino wina: mphika wace sugona, ndipo nchenche siziupeza nthawi.

Za madzi ndi zakumwa

Madzi a pa mpope eni dziko samwa osawiritsa, ndipo mlendo asayese kuposa iwo. Matenda a kutsegula m'mimba ndi tayifodi adzera m'madzi otere, ndipo mtengo wa cipatala umeza zonse anasunga pa cakudya. Amwe madzi a m'botolo lotseka bwino, kapena zakumwa zotentha za pa mbaula. Madzi oundana othira m'zakumwa awacenjerere, pakuti sadziwa madzi amene anaumitsidwawo.

Tiyi wa ku Java adza ndi shuga wambiri ngakhale usanapemphe. Wosafuna shuga anene kuti teh tawar. Usiku wozizira pali wedang jahe, madzi a jinja otentha. Ndipo pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Tugu pali cakumwa codabwitsa cochedwa kopi joss: wogulitsa athira khofi m'tambula, napana khala lamoto, naliponya momwemo, khofi nabwadamuka, ndipo dzina lace licokera ku mau amene khala lilira polowa m'madzi.

Koma pali cakumwa cimodzi cotsika mtengo cimene mlendo acithawe monga athawa njoka. Anthu ocuruka a dzikolo ndi Asilamu, ndipo mowa wa m'sitolo uli ndi msonkho waukuru, sugulitsidwanso pali ponse. Tsono alipo ena osakaniza mowa mobisa, umene aucha oplosan, ndipo nthawi zina muli mankhwala ochedwa methanol, amene alibe pfungo lakuwasiyanitsa ndi mowa weniweni, koma acititsa khungu, napha. M'mwezi wa February 2016 anthu oposa 20 anafa nao m'dera la Sleman, pa khomo peni peni pa Yogyakarta, ndipo ambiri a iwo anali ophunzira. M'mwezi wa April 2018 anafanso makumi makumi ku Jakarta ndi kumadzulo kwa Java. Makolo ao anawatuma kukatenga nzeru, nalandira mitembo. Botolo lopanda dzina, loperekedwa mumdima ndi bwenzi la tsiku limodzi, mlendo alikane, ngakhale likhale laulere.

Ulemu wa pa mphasa ya eni

Anthu a ku Java adya ndi dzanja lamanja, napereka ndarama ndi kulandira ndi dzanja lomwelo, monga ticita ife. Kambale ka madzi koikidwa pa tebulo, nthawi zina kokhala ndi kacidutswa ka ndimu, ndi kosambira m'manja, si kakumwa iai. Nyama ya nkhumba siipezeka m'malo ambiri, ndipo sikuyenera kuifunsa pa warung ya Msilamu.

M'mwezi wa Ramadan, pamene Asilamu asala kudya kuyambira mbanda kuca kufikira kulowa kwa dzuwa, malo ena atseka masana, ena acinga khomo ndi nsaru. Mlendo wanjala adye m'kati mwa nsaruyo, asatafune pa mseu pamaso pa osala. Koma madzulo a mwezi umenewo ndiyo nthawi ya mwai, pakuti miseu isanduka misika ya zakudya, ndipo pa mzikiti wa Jogokariyan eni mudzi asonkha, naphika, nagawa mbale zambirimbiri kwaulere kwa odza kudzamasula kusala.

Potsiriza, mlendo aphunzire mau awiri othokozera. M'cinenero ca dziko lonse ati terima kasih. M'cinenero ca eni ace a ku Java ati matur nuwun. Akawanena kwa mai wa miphika m'mawa, kapena kwa mwini kangolo usiku, atachula mokhulupirika timaphukusi tace tonse, mawa pobweranso adzapeza kuti amsendezera malo pa mpando.