Chifukwa Chiyani Amy Sherald Amajambula Anthu Otuwa?

Kwathu kuno munthu akatuwa timati sadadzole mafuta, kapena wadwala nthawi yaitali. Koma ku America kuli mayi wina waluso lojambula nkhope za anthu ndi utoto, dzina lake Amy Sherald, amene amatuwitsa dala khungu la aliyense yemwe akumujambula.

Mayi Sherald adabadwa mu 1973 ku Columbus, m'chigawo cha Georgia. Iwo ndi wakuda, ndipo amajambula anthu akuda anzawo. Ambiri mwa anthuwa ndi anthu wamba okumana nawo pamsewu. Amawasankhira zovala, nkuwatola chithunzi ndi kamera, kenaka nkuyamba ntchito ya burashi pa chinsalu.

Zovalazo amazipaka mitundu yowala kwambiri, koma pa khungu amasakaniza utoto wakuda ndi wachikasu mpaka utaoneka ngati phulusa. Cholinga chake nchakuti? M'dziko limene khungu lakhala likugawa anthu kuyambira nthawi ya ukapolo, diso limathamangira kufunsa kuti, kodi uyu ndi wamtundu wanji? Mtundu wa khungu ukachoka, funsolo limachedwa, ndipo woona amayamba ndi maso, kaimidwe ndi ulemu wa munthuyo. Kutuwaku kumakumbutsanso zithunzi zakale zopanda mitundu, zonga zija agogo athu amasunga m'sutikesi.

Mu 2018 adaonetsa chithunzi cha Mayi Michelle Obama, chimene adajambulira National Portrait Gallery ku Washington. Ena adadandaula kuti sichikufanana nawo kwenikweni. Ine ndikuona kuti odandaulawo ankafuna ntchito ya kamera, pamene Mayi Sherald ankafuna kuonetsa mayi wodekha, dzanja pachibwano, akulingalira.

Chithunzi chimene chimandikhudza koposa ndi cha Breonna Taylor, mtsikana wa zaka 26 amene apolisi adamuombera m'nyumba mwake ku Louisville m'mwezi wa Marichi 2020. Apa sakadatha kumuimika mwini nkhope patsogolo pa kamera, popeza adali atamwalira kale. Mayi Sherald adadalira zithunzi zakale ndi zimene adamva za moyo wake. Sadajambule magazi kapena mfuti ai. Breonna waima chilili, wavala diresi la buluu, dzanja m'chiuno, kamtanda kagolide pakhosi. Pa chala adamuveka mphete ya chitomero, ija bwenzi lake lidalibe mpata womupatsa ali moyo.